Chimbale n'changa, foni ndi yanga, nanga kiyi ali ndi yani?



M'nyumba zambiri muli kabati kapena katoni momwe mwadzaza zimbale za mafilimu. Zina munagula nokha, zina anabwera nazo achibale kuchokera ku Joni kapena ku London, zenizeni, zili m'mapaketi ake. Koma makina oonetsera DVD anafa kalekale, malaputopu a masiku ano alibenso polowetsa chimbale, ndipo aliyense pakhomopo, kuyambira mwana mpaka agogo, akuonera kanema pafoni. Mafunso awiri amabwera okha. Filimu ili pachimbale ichi, imene ndinagula ndi ndalama zanga, ingalowe bwanji m'foni? Nanga ndikailowetsa, ndaba?

Funso loyambalo linayankhidwa kale mu 1999, ndipo mmodzi mwa amene analiyankha anali mwana wa zaka 15. Lachiwirilo lazunguza mitu ya oweruza ku Oslo, New York, Paris ndi London, ndipo mpaka lero mayiko sanamange chimodzi. Ndinene pachiyambi pomwe pamene ine ndaima, kuti muzindimva bwino. Munthu amene wagula chimbale, n'kusamutsira filimuyo m'foni yake kuti azionera yekha ndi a pabanja pake, sanabere aliyense. Wakuba ndi uja amene amatenga filimu ya eni ake n'kumaigulitsa kapena kuimwaza kwa anthu. Chovuta n'chakuti loko amene anaikidwa pa zimbale sasiyanitsa anthu awiriwa, ndipo m'mayiko angapo lamulo nalonso silisiyanitsa.

DVD inayamba kugulitsidwa ku Japan mu November 1996, kenaka ku America mu March 1997. Makampani akuluakulu a mafilimu a ku Hollywood anaiona ndi mantha. Amene munagwiritsapo matepi a vidiyo mukukumbuka kuti tepi ukaikopa, chithunzi chinkafooka, ndipo ukakopanso kuchokera pa yokopayo, nkhope za anthu zinkayamba kusungunuka. Kufooka kumeneko kunkateteza eni mafilimu. Koma pa DVD pamalembedwa manambala okhaokha, ndipo nambala ngakhale uikope kachikwi siisintha. Eni mafilimu anakana kutulutsa katundu wawo pa zimbale zatsopanozi popanda loko, ndipo makampani a Toshiba ndi Matsushita, amene ambiri timawadziwa kuti Panasonic, anakonza loko wotchedwa Content Scramble System, mwachidule CSS.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Filimu imalembedwa pachimbale itasokonezedwa dala. Kiyi woisokonezulira ali pachimbale pomwepo, koma naye ndi wotsekeredwa, ndipo amatseguka ndi kiyi wina amene amakhala m'kati mwa makina oonetsera. Kampani yofuna kupanga makina otere imayenera kutenga chiphaso, kulonjeza kusunga chinsinsi, ndi kuvomera kuti makina ake sadzalola munthu kukopa. N'chifukwa chake mukalowetsa chimbale chenicheni m'kompyuta n'kukoka mafayilo ake, aja otha ndi zilembo za VOB, mwina kompyuta imakana, mwina imakopa ndithu koma poonera mumangoona timabokosi ndi zithunzi zong'ambikang'ambika.

Pamwamba pa lokoyu anaonjezapo china chimene chinatikhudza ife kuno. Anagawa dziko lapansi m'zigawo zikuluzikulu 6. America ndi Canada ndi chigawo 1. Ulaya, Japan ndi South Africa ndi chigawo 2. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe tinaikidwa m'chigawo 5, pamodzi ndi Russia ndi India. Ndiye kuti m'bale wanu akagula filimu yeniyeni m'sitolo ya ku Johannesburg, n'kukwera nayo basi mpaka ku Blantyre, makina opangidwira chigawo chathu amayenera kuikana. Chinatipulumutsa ndi makina otsika mtengo ochokera ku China, amene ambiri sankalabadira zigawozi. Koma taonani cholinga chake. Zigawo sizinaikidwe kuti zigwire akuba. Zinaikidwa kuti kampani izitha kusankha tsiku lotulutsa filimu ndi mtengo wake dziko ndi dziko, ndipo amene ankavutika nazo ndi munthu woona mtima amene wagula chenicheni.

Lokoyo sanali wolimba. Nthawi imeneyo boma la America linkaletsa kutumiza kunja njira zamphamvu zobisira uthenga, choncho kiyi wa CSS anangokhala wa mabiti 40, waufupi moti kompyuta wamba ikhoza kuyesa makiyi mmodzimmodzi mpaka kupeza woyenera. Kuonjezera apo, kampani ina yachiphaso, yotchedwa Xing, inasiya kiyi wake pambalambanda m'pulogalamu yake yoonera mafilimu. Mu October 1999 pa intaneti panatuluka kapulogalamu kakang'ono kotchedwa DeCSS, kochotsa chisokonezo chija ndi kusiya filimu ili poyera m'kompyuta. Anakapanga anali anthu atatu amene ankakumana pa intaneti. Awiri sanadziwike mayina. Wachitatu anali Jon Lech Johansen, mnyamata wa ku Norway, ndipo mkwiyo wonse wa Hollywood unagwera iyeyo.

Mu January 2000, makampani a mafilimu atadandaula, apolisi a ku Norway ofufuza milandu ya zachuma ndi ya makompyuta, otchedwa Økokrim, anafika kwawo kwa mnyamatayo, kulanda makompyuta, ndi kumutenga kukamufunsa. Mlandu unakhala zaka pafupifupi zitatu usanalowe m'khoti la ku Oslo mu December 2002. Mbali yake inati zimbale zinali zake, zogula, ndiponso kuti pa nthawiyo panalibe pulogalamu yachiphaso yoonera DVD pa makompyuta oyendera Linux, choncho ogwiritsa ntchito Linux ankagula zimbale zoti sangazionere pa makompyuta awo. Pa 7 January 2003 khoti linamupeza wosalakwa. Boma linachita apilo, ndipo mu December chaka chomwecho khoti la apilo linagamulanso chimodzimodzi. Mfundo ya oweruzawo agogo anu akhoza kuimva popanda loya womasulira: munthu sangazengedwe mlandu wothyola ndi kulowa m'chinthu chimene wagula yekha.

Ku America zinthu zinayenda mosiyana, chifukwa kumeneko kunali kale lamulo latsopano, Digital Millennium Copyright Act, limene Pulezidenti Bill Clinton anasaina mu October 1998, potsatira pangano limene mayiko anachita ku Geneva mu 1996 pansi pa bungwe la WIPO. Lamuloli linasintha funso. Kale woweruza ankafunsa kuti, kodi wachita nayo chiyani ntchito ya mwini wake? Wagulitsa? Waonetsa anthu n'kulipiritsa? Tsopano kuthyola loko pakokha kunasanduka mlandu, ngakhale chimene ukufuna kukachita pambuyo pake chikhale chosalakwika. Kupanga kapena kugawa chida chothyolera nawonso mlandu. Mu August 2000 woweruza Lewis Kaplan wa ku New York analetsa Eric Corley, mkonzi wa magazini ya 2600, kuika DeCSS pa tsamba lake, ngakhalenso kungolozera anthu kumene angaipeze, ndipo khoti la apilo linavomereza chigamulocho mu 2001. Anthu okwiya anayamba kusindikiza pulogalamuyo pa malaya, ena kuiimba ngati nyimbo, ndipo mphunzitsi wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon, David Touretzky, anasonkhanitsa njira zonsezi pamalo amodzi pofuna kufunsa kuti malire a chida choletsedwa ndi mawu a munthu ali pati.

Makampani amene anayesa kugulitsa mapulogalamu okopera poyera anagwa mmodzimmodzi. 321 Studios, eni ake a DVD X Copy, anagonja m'khoti ndi kutseka mu 2004. Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya RealDVD, imene kampani ya RealNetworks inatulutsa mu 2008. Iwowa anali ndi chiphaso. Pulogalamu yawo inkakopa filimu koma osachotsa loko, inkaonjezanso wina kuti fayiloyo isayende m'manja mwa anthu. Kunali kuyesa kukhutiritsa mbali zonse ziwiri. Makampani a mafilimu anawasumirabe, khoti linaletsa pulogalamuyo, ndipo mu 2010 RealNetworks inavomera kuisiya ndi kulipira madola 4.5 miliyoni. Apa zinaonekeratu kuti nkhondo sinali yolimbana ndi akuba okha.

Chimene chinakoleza moto ndi zipangizo za m'manja. Mu October 2005 Apple inatulutsa iPod yotha kuonetsa kanema pa kagalasi ka mainchesi 2.5. Sony inali kale ndi PSP, ndipo mu 2007 kunabwera iPhone. Mwadzidzidzi anthu ankafuna kuonera filimu m'sitima, m'ndege, pamzere wa kuchipatala. Yankho la makampani linali limodzi: gulaninso. Muli nayo pa DVD? Gulaninso pa tizimbale ta UMD kuti muonere pa PSP. Gulaninso pa iTunes kuti muonere pa iPod. Zili ngati kugula thumba la chimanga, wogulitsa n'kukuuzani kuti mukagayitse kuchigayo chake chokha, ndipo tsiku limene chigayocho chidzafe mudzagule thumba lina. Palibe mayi amene angavomere zimenezo, ndipo ogula mafilimu nawo sanavomere.

Tsono kusamutsako kumayenda bwanji? Anthu ambiri amaganiza kuti n'kungokopa, koma pali zambiri zimene zimachitika. Kuchotsa chisokonezo chija ndi mbali yofulumira, ndipo ndi mbali yokhayi imene malamulo amalimbana nayo. Gulu la VideoLAN, limene linayamba ndi ophunzira a pa École Centrale Paris ku France, eni ake a VLC ija ambiri muli nayo m'foni, lili ndi kachidutswa ka pulogalamu kotchedwa libdvdcss kamene kamagwira ntchito imeneyi. Pulogalamu yotchuka yosinthira mafilimu, HandBrake, imene Eric Petit anayamba mu 2003 ndipo ndi yaulere, payokha sithyola loko. Eni ake anachotsamo mbali imeneyo, n'kusiya ntchito yosintha ndi kufinya basi.

Loko akachoka, pamakhala kusankha. Pachimbale si filimu yokha ili pamenepo. Pali zotsatsa mafilimu ena, machenjezo aja osalola kudumpha, mawu a m'zilankhulo zingapo, ndi malemba a m'munsi, amene pa DVD si zilembo zenizeni koma tizithunzi toikidwa pamwamba pa kanema. Makampani ena anayamba kutchera misampha pamenepa. Zimbale zina zimaonetsa mitu 99, yambiri yabodza, moti ukasankha wolakwika filimu imatuluka zigawo zake zitasemphana, maliro kuyamba munthu asanafe. Sony inali ndi njira yake yotchedwa ARccOS, yoika dala malo owonongeka pachimbale kuti kompyuta ikakamire. Mu 2007 zimbale zina zotere zinakana kusewera m'makina ena a DVD a anthu amene anazigula mwachilungamo, mpaka kampaniyo inachita kuwasinthira.

Mbali yaitali, imene imatenthetsa kompyuta, ndi kufinya. DVD imatenga 4.7 GB, kapena 8.5 GB ikakhala ya magawo awiri, ndipo filimu imalembedwapo m'njira yakale ya MPEG-2. Foni imakonda njira yatsopano ya H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003, m'fayilo ya MP4. Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Kanema wa kuno amakhala ndi zithunzi 25 pa sekondi imodzi, ndipo zambiri mwa izo zimafanana. Munthu akamalankhula ataima pakhomo, chitseko sichisuntha, khoma silisuntha, imayenda ndi milomo ndi manja. Ndiye m'malo molemba chithunzi chonse maulendo 25, kompyuta imalemba chathunthu kamodzi, kenaka n'kumangolemba zimene zasintha. MPEG-2 inkachitanso zimenezi, koma H.264 imazichita mwaluso kwambiri, ndipo imataya tinthu timene diso silingaone msanga. Filimu ya maola awiri ikhoza kutsika kufika pafupifupi 1 GB n'kumaonekabe bwino pa galasi la foni.

Koma chotayidwa sichibwerera. Mukafinya mopitirira muyeso, malo amdima amachita mabalamabala, madzi ndi utsi zimasanduka timabokosi. Mawu nawo ali ndi nkhani yake. Mafilimu ambiri anakonzedwera masipika 6, ndipo zolankhula za anthu zimadzera pa sipika yapakati. Posakaniza kuti zikwane m'makutu awiri, mukapanda kusamala mfuti ndi magalimoto zimaphulika pamene anthu akunong'ona. Ndipo wina asakunamizeni kuti pulogalamu yake isandutsa DVD kukhala 4K. Chithunzi cha DVD ya kuno ndi timadontho 720 m'litali ndi 576 m'lifupi. Mukhoza kuchitambasula, koma zimene sizinalembedwe pachimbale sizingatulukemo. Chenjezo lina ndi la mapulogalamu amene amadzitcha aulere pa intaneti koma abisa mavairasi. Ngakhale HandBrake yeniyeniyo inaonapo tsoka mu May 2017, pamene akuba analowa pa malo amodzi otengera pulogalamuyo n'kuikapo yachinyengo yoba mapasiwedi pa makompyuta a Mac.

Za Blu-ray ndidutsa mwachangu, chifukwa nkhani yake inangobwereza. Mu 2006 kunabwera zimbale za Blu-ray ndi HD DVD ndi loko wolimba kwambiri wotchedwa AACS, wa mabiti 128, wotha kuletsa makiyi amene abedwa. Chaka chisanathe, anthu anali atayamba kupeza makiyi m'mapulogalamu oonera a pakompyuta. Maloya atayamba kulemba makalata olamula kuti nambala ina ya kiyi ichotsedwe pa intaneti, tsamba la Digg linamvera, ndipo pa 1 May 2007 oligwiritsa ntchito analidzaza ndi nambala yomweyo mpaka mwini wake Kevin Rose anagonja n'kusiya kufufuta. Madzi akatayika saoleka. Vuto la loko wamtunduwu silitha ndi kutalikitsa kiyi, chifukwa kuti wogula aonere filimu, kiyi ayenera kukhala m'nyumba mwake, m'makina ake. Amene ukumubisira ndi yemweyo amene wamupatsa kiyi.

Makampani anazindikira kuti anthu akufuna chinthu chomveka, ndipo anayesa kupereka njira zawo. Kuyambira mu 2007 zimbale zina zinkabwera ndi fayilo yapadera yoika m'kompyuta, nayonso yokhala ndi loko. Mu 2011 anatsegula UltraViolet, nkhokwe ya pa intaneti yosungira mafilimu amene munthu wagula. Pa 31 July 2019 UltraViolet inatsekedwa, ndipo anthu anauzidwa kuti alumikize mafilimu awo ku makampani ena nthawi isanathe. Mu 2022 Sony inachotsa mafilimu a StudioCanal kwa anthu a ku Germany ndi Austria amene anali atawalipira kale pa PlayStation Store. Izi zikutiphunzitsa kuti chimene timati kugula pa intaneti nthawi zambiri ndi kubwereka kwa nthawi yosadziwika. Ndipo njira zambiri zoterezi sizinafike n'komwe kuno. Munthu wa ku Mzimba kapena ku Chipata, amene bandulo ya intaneti amagula ya tsiku limodzi, sangaonere filimu ya maola awiri pa intaneti nthawi iliyonse waifuna. Kwa iye fayilo yokhala pa memory card ndiyo njira yokhayo.

Chimbale nachonso si chamuyaya. Chimakandika, chimathetheka, ndipo nthawi zina chimaola chokha m'paketi. Mu 2025 kampani ya Warner Bros inavomera kuti ma DVD ake ena opangidwa pakati pa 2006 ndi 2008 akuwonongeka okha. Amene anasamutsa mafilimu awo nthawi idakalipo ali nawobe. Amene anamvera chenjezo losakopa ndi amene atsala manja ali m'khosi.

Tsopano ndiyankhule ndi mbali inayo, chifukwa nayo ili ndi mfundo, ndipo kuno kwathu mfundo yake ndi yowawa. Filimu imadya ndalama. Pali wolemba, ojambula, ochita zisudzo, wonyamula magetsi, mayi wophikira gulu lonse. Anthu ngati Shemu Joyah, amene anatipatsa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, kapena Joyce Mhango Chavula wa filimu ya Lilongwe, sagwira ntchito ndi chuma cha Hollywood. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika pa misika yathu. Pali kakompyuta pa kauntala, mzere wa anthu atagwira ma memory card, ndipo ndi ndalama yochepa munthu amabenetsa mafilimu ndi nyimbo zodzaza khadi lonse. Mwini luso salandirapo kanthu. Mnyamata wobenayo akufuna kudya, ndikumumvetsa, koma akudya thukuta la mnzake. Pulogalamu imene imathandiza bambo kusamutsa filimu yake kuti ana aonere paulendo ndi yomweyo imene imadzaza kompyuta ya pamsika. Zimenezi sindingazibise.

Koma funsani kuti, kodi loko anaimitsa malonda amenewo? Sanaimitse, kuno kapena kwina kulikonse. Mbava zazikulu, za mafakitale odinda zimbale zikwizikwi, sizinkafunika n'komwe kuthyola loko, chifukwa zinkatha kudinda chimbale chonse monga chilili, loko ndi kiyi wake pamodzi. Ena ankajambula m'nyumba zoonetsera mafilimu ndi kamera, aja mumaona mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo. Ndipo pa intaneti pamangofunika munthu mmodzi padziko lonse kuti athyole, ena onse n'kumangotola. Wobena wa pamsika sagwira chimbale chenicheni, fayilo imamupeza ili yotsegula kale, yopanda chenjezo, yopanda chigawo, yolowa m'foni iliyonse. Wotsala ndi mavuto onse a loko ndi uja anapita kusitolo n'kulipira. Makampani anapanga katundu weniweni kukhala wovuta kugwiritsa ntchito kuposa wakuba, ndipo ine ndikukhulupirira kuti zimenezi zinakankhira anthu ambiri oona mtima kumsika wa zobena.

Mayiko ena anayesa kupeza njira yapakati. Germany inayamba mu 1965 kulola anthu kukopera zinthu zawo zapakhomo, n'kuika kamsonkho pa zipangizo zojambulira kuti ndalamazo zizipita kwa aluso. France inatsatira mu 1985. Koma loko atabwera, njira imeneyi inasokonekera. Munthu wina wa ku France anagula DVD ya filimu ya David Lynch yotchedwa Mulholland Drive, n'kulephera kuikopera pa tepi kuti akaonere kwa makolo ake. Anasuma mothandizidwa ndi bungwe loimira ogula la UFC-Que Choisir, koma mu February 2006 khoti lalikulu la dzikolo linaima mbali ya eni filimu. Ndiye kuti munthu amalipira msonkho wokopera, koma kukopa kwenikweniko n'kotsekedwa. Ku Britain, kumene kuli abale athu ambiri, boma linaloleza kukopera zinthu zako pa 1 October 2014, ngakhale silinapereke ufulu wothyola loko. Mabungwe a oimba anasuma chifukwa panalibe chowalipira, ndipo mu July 2015 khoti linafafaniza lamulolo, lisanathe ndi chaka chomwe. Ku America, Library of Congress imaunika lamulo la 1998 lija zaka zitatu zilizonse. Inaloleza aphunzitsi ndi ojambula mafilimu a zochitika zenizeni kudula tizidutswa ta DVD, koma pempho loti munthu wamba azisamutsira filimu yake m'foni linakanidwa mu 2012, linakanidwanso mu 2015. Choncho inu amene mukundimvera muli m'mayiko amenewa, dziwani kuti zimene ndikunena kuti n'zachilungamo, lamulo la kumene mukukhala likhoza kuziona mwina.

Dziko limene ndikuona kuti linaganiza bwino ndi Switzerland. Kumeneko kuthyola loko n'koletsedwa, koma chiletsocho sichigwira munthu amene wathyola pofuna kuchita chinthu chimene lamulo limamulola kale, monga kukopera zake zapakhomo. Lamulo lotere limabweza funso pamalo pake. Silifunsa kuti wagwira loko kapena ayi, limafunsa kuti filimuyo wachita nayo chiyani.

Ku Malawi theka la njira yapakati ija tili nalo kale. Bungwe la COSOMA, limene lakhala likuteteza aluso kuyambira mu 1992, limagawa kwa aluso ndalama za msonkho umene unabwera potsatira lamulo la 2016, wolipiridwa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi kanema. Ndiye kuti wogula chipangizo chotere wathirapo kale kangachepe m'thumba la aluso. Chimene ndikupempha n'chakuti anthu auzidwe momveka, pawailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, kuti msonkho umenewu ukuwalola chiyani ndipo sukuwalola chiyani. Pali obena amene amaganiza kuti msonkhowu wawayeretsa, pamene si chiphaso chogulitsira ntchito za anthu. Palinso anthu oona mtima amene amaopa kusunga kope la chinthu chawo chomwe. Malire amene ine ndingaike ndi awa. Chimbale chikhale chanu, chenicheni, osati chobwereka kwa mnansi. Fayilo ikhale ya pakhomo panu, isapite pa gulu la WhatsApp kapena pa kauntala ya pamsika. Ndipo tsiku limene mwagulitsa kapena kupatsa wina chimbalecho, fayilo ija muifufute, chifukwa filimuyo si yanunso.

Kwa opanga mafilimu athu, pali phunziro lochokera kwa anzawo oimba. Nyimbo za pa iTunes nazo zinali ndi loko. Mu February 2007 Steve Jobs analemba kalata yapoyera yopempha makampani a nyimbo kuti amuchotse, ndipo mu 2009 Apple inayamba kugulitsa nyimbo zake zonse zopanda loko. Malonda a nyimbo sanafe. Makampani a mafilimu a ku Hollywood sanatsatire njira imeneyo, koma ife palibe chotimangirira kwa iwo. Wojambula filimu wa ku Lilongwe kapena ku Zomba alibe ndalama zogulira maloko, ndipo ngakhale akanakhala nazo akanangotaya. Chimene angathe ndi kufika m'foni ya munthu wobena asanafikemo: fayilo yaing'ono, yooneka bwino, yomveka bwino mawu, yolowa m'foni iliyonse, pa mtengo woti mphunzitsi wa pulayimale kapena wakabaza akhoza kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwe filimu yatuluka. Ndipo obena aja, amene ali kale pa msika uliwonse ndi makasitomala awo, akhoza kupatsidwa chiphaso ndi gawo lawo pa filimu iliyonse imene agulitsa, ndalama yotsalayo n'kumapita kwa mwini wake.